Penshoni yatuluka, ndiye tipange nayo bwanji?

Malume anga atapuma ntchito ya mu nzimbe ku Nchalo, abale onse anasanduka alangizi, wina akuti gulani ng'ombe, wina minibasi ya Blantyre-Nsanje, wina tsegulani golosale pa Dyeratu. Koma malumewo ankangofuna chinthu chimodzi basi, kuti mwezi uliwonse pazilowa kenakake mpaka tsiku lawo lomaliza, osapita kukapempha kwa ana. Mafunso awa ndi omwe tinkakambirana nawo pakhonde.

Kodi ndingatenge ndalama zonse kamodzi?

Kwa ambiri ayi. Zija munkadulidwa 5 peresenti pa salale abwana n'kuonjezera 10 peresenti, lamulo la penshoni la 2023 limalola kutengako theka nthawi imodzi popuma, kale inali 40 peresenti. Theka linalo ndi loti muzilandira pang'onopang'ono. Anthu amakwiya nazo izi, amati ndalama ndi zanga zomwe, koma ine ndaona mmene lampu samu, ndalama yotenga kamodziyi, imathera, maliro awiri, fizi ya adzukulu, malata a nyumba, chaka chisanathe mthumba muli gwa.

Theka lotsalalo ndizilandira motani?

Pali njira ziwiri. Annuity, mumapereka ndalamazo ku kampani ya inshulansi ya moyo ngati Old Mutual kapena NICO Life, iwo azikulipirani mwezi ndi mwezi moyo wanu wonse ngakhale mutafika zaka 95. Inayo ndi programmed withdrawal, ndalama zimakhalabe zikugwira ntchito inu mukutapako, ndiye mukamwalira zotsala zimapita kwa a m'banja, koma zitha kutha inu mudakali moyo. Musanasaine annuity funsani zinthu ziwiri, kodi ndalamayo izikwera chaka ndi chaka kapena ikhala yomweyo, nanga ine ndikatsogola mayi a kunyumba azilandirabe? Osachita manyazi kufunsa, auzeni akufotokozereni m'Chichewa kapena m'Chisena mpaka mumve.

Nanga lampu samu ija ndingoisiya ku banki?

Apa mpamene pamandiwawa. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako 44 peresenti mu November 2023. Amene anangosunga mu akaunti wamba ndalama zawo zinalipo ndithu pa pepala koma mphamvu yogulira thumba la chimanga kapena simenti inapita. Ngati simukufuna chiopsezo funsani ku banki za ma treasury bill, uku ndi kukongoza boma kwa masiku 91, 182 kapena 364 n'kulandira chiwongola dzanja. Masheya a pa Malawi Stock Exchange ku Blantyre nawonso alipo, ngakhale a kampani ya shuga ya Illovo ali pomwepo, mumagula kudzera kwa stockbroker (wogulitsa masheya) n'kumalandira dividendi, gawo lanu la phindu, kampani ikapindula, koma mitengo imakwera n'kutsika ndiye musaikemo ndalama ya mankhwala a BP.

Ife kuno banki yathu ndi ng'ombe, cholakwika n'chiyani?

Palibe cholakwika, ng'ombe zimaswana ndipo mtengo wake umathamanga limodzi ndi kukwera kwa zinthu, pa Ngabu wogula sasowa. Vuto ndi kuika zonse m'khola limodzi. Namondwe Ana mu January 2022 ndi namondwe Freddy mu March 2023 anakokolola ziweto za anthu ku Chikwawa ndi Nsanje, ena anadzuka opanda ngakhale mbuzi. Komanso matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akabuka boma limatseka misika ya ziweto, ng'ombe muli nazo koma simungagulitse, pomwe mukufuna ndalama ya kuchipatala mawa. Onjezani akuba ndi malipiro a wobusa. Gulani zingapo, khola likhale kumtunda, zina zikhale poti mutha kutapa msanga.

Wina akuti ndimupatse ndalama andibwezere zochuluka kawiri pa miyezi itatu?

Mufunseni laisensi ya ku Reserve Bank of Malawi. Alibe, musiyeni apite, ngakhale akhale wa kutchalitchi kwanu.

Ndikamwalira zotsala adzatenga ndani?

Amene munawalemba pa fomu ya olandira. Malume titakayang'ana yawo tinapeza pali dzina la mayi awo omwe anamwalira kalekale, ana atatu omaliza palibepo, moti tinasintha sabata yomweyo.