Ntchito ziwiri ku London: muwerenge zotsala m'thumba musanasaine

Pa ntchito yanga yolangiza anthu pa nkhani za malipiro ndi mapangano a ntchito, funso limene ndimalandira kawirikawiri kwa abale athu amene akusamukira ku London ndi lakuti, "Andipatsa ntchito malo awiri, nditenge iti?" Ambiri amafunsa atasankha kale mumtima, ndipo chimene asankhacho ndi kalata imene ili ndi nambala yaikulu. Sindiwaimba mlandu, chifukwa munthu amene wakhala akulandira makwacha, kapena amene wakhala ku Hull kapena ku Sunderland kumene nyumba n'zotsikirapo mtengo, akaona £38,000 pambali pa £35,000 maso amathamangira pamene pachuluka. Koma ku London lendi ndi ulendo wa kuntchito zimadya malipiro munthu asanagule ndi mchere womwe, choncho nambala ya pa kalata ndi poyambira chabe powerengera.

Tiyerekeze kuti ndinu namwino. Chipatala chimene si cha boma, chomwe chili pakati penipeni pa mzinda, chakulonjezani £38,000 pachaka, ndipo chipatala cha NHS (bungwe la boma la zaumoyo) cha m'mphepete mwa mzinda, cha ku Croydon kapena ku Romford, chakulonjezani £35,000 zonse pamodzi. Manambalawa ndi ongoyerekezera, koma kawerengedwe kake n'kenikeni. Ku England boma silidula msonkho pa £12,570 yoyambirira ya malipiro a pachaka. Kuchokera pamenepo kufika pa £50,270 limadula 20 peresenti, ndipo pa gawo lomwelo pamachokanso 8 peresenti ya National Insurance (ndalama ina imene boma limadula pa malipiro). Zimenezi zikutanthauza kuti pa £100 iliyonse yowonjezera, £72 yokha ndiyo imafika kwa inu. Kusiyana kwa £3,000 kuja kwasanduka £2,160 pachaka, kapena kuti £180 pamwezi, tisanachotse ndalama ya penshoni. Kenako funsani za maola. Sabata ya ntchito ku NHS ndi maola 37.5, pamene makampani ambiri amalemba maola 40. Mukagawa malipiro ndi maola a chaka chonse, ntchito yoyamba ikulipira £18.27 pa ola ndipo yachiwiri £17.95, moti ntchito imene inkaoneka yonona ikungoposa inzake ndi mapensi 32 pa ola.

Tsopano funso lenileni ndi ili: kodi £180 imeneyo ikwanira kulipira mtengo wogwira ntchito pakati pa mzinda? Apa m'pamene ndimakhalitsa ndi munthu, chifukwa ntchito iliyonse imabwera ndi malo ake okhala. Amene akugwira ntchito pakati pa London ali ndi njira ziwiri zokha. Akhoza kukhala pafupi n'kumalipira lendi yokwera, kapena kukhala kutali n'kumalipira sitima ndiponso nthawi yake. Mitengo ya sitima za Transport for London imayendera zigawo zotchedwa ma zone, kuyambira zone 1 pakati pa mzinda mpaka zone 9 kunja kwenikweni, ndipo ulendo wokhudza zone 1 ndi umene umadula kwambiri, makamaka Lolemba mpaka Lachisanu pakati pa 6:30 ndi 9:30 m'mawa komanso potulukamo pakati pa 4:00 ndi 7:00 madzulo. Basi ndi yosiyana, chifukwa mtengo wake ndi umodzi kaya ulendo ndi wautali kapena waufupi, ndipo mukasintha basi ola lisanathe simulipiranso. Choncho munthu amene wapeza chipinda ku Croydon n'kumakwera basi imodzi kupita kuntchito komweko, ndi mnzake amene akukhala ku Croydon komweko koma akulowa m'tauni pa sitima tsiku lililonse, akukhala moyo wosiyana kwambiri ngakhale lendi yawo ili imodzimodzi.

Musadalire mtengo wa nyumba umene wina wakuuzani pa WhatsApp. Lowani pa Rightmove kapena SpareRoom, masamba a pa intaneti otsatsa nyumba ndi zipinda za lendi, mulembe adiresi ya chipatala chilichonse, muone mitengo ya zipinda zimene zili pa mtunda woti mukhoza kufika kuntchito m'mphindi 45, ndipo mutenge mtengo wapakatikati osati wotsikitsitsa, popeza chipinda chotchipa kuposa zonse chimakhala ndi chifukwa chake. Mufunsenso ngati lendiyo ikuphatikiza magetsi, gasi, madzi ndi msonkho wa khonsolo. Msonkho umenewu umasiyana malinga ndi dera, ndipo amene akukhala yekha m'nyumba amachotseredwa 25 peresenti, koma ayenera kupempha yekha. Ndiye muyese ulendo wa kuntchito pa nthawi yeniyeni ya shifiti yanu. Lamlungu sitima za pansi pa nthaka zimayamba mochedwa kusiyana ndi masiku ena, ndipo zoyenda usiku wonse zimakhalako Lachisanu ndi Loweruka lokha, m'njanji zowerengeka. Namwino amene wagwira maola 12 n'kuwonjezapo ola ndi theka la ulendo kupita ndi lina kubwerera, wachoka panyumba maola 15, ndipo munthu wotopa motero saphika nsima, amagula chakudya cha m'njira, chimene chimadyanso £180 ija.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza ambiri pa makalata a NHS. Ogwira ntchito ku London amawonjezeredwa ndalama yotchedwa High Cost Area Supplement, imene ndi 20 peresenti ya malipiro pakati pa London, 15 peresenti m'madera a kunja kwa pakatipo, ndi 5 peresenti m'maboma ozungulira mzindawo, ngakhale kuti ili ndi malire a pansi ndi a pamwamba. Makalata ena amalemba malipiro ataphatikiza kale ndalamayi, ena amailemba payokha, ndipo ndaonapo munthu akuiwerengera kawiri. Funsani molunjika ndipo akuyankheni polemba. Komanso kwa namwino wa Band 5, giredi ya malipiro imene anamwino amayambira ku NHS, maola a usiku ndi a Loweruka amawonjezeredwa 30 peresenti, a Lamlungu ndi masiku a tchuthi cha boma 60 peresenti. Ngati chipatala chinacho chimalipira ola la usiku mofanana ndi la masana, kusiyana kwa mapensi 32 kuja kwatha kale.

Penshoni ndi imene achinyamata amaidumpha, poganiza kuti ukalamba uli kutali kapena kuti adzakhala atabwerera kumudzi. Lamulo limafuna kuti olemba ntchito aziika osachepera 3 peresenti, ndipo makampani ambiri amaima pomwepo. Ku NHS olemba ntchito amaika zoposa 20 peresenti, ngakhale kuti gawo limene wantchito amadulidwa ndi lokulirapo ndithu, moti malipiro ofika ku banki amaoneka ochepa. Imeneyo ndi ndalama yanu yomwe simukuigwira lero. Tchuthi nachonso chili ndi mtengo. Lamulo limapereka masiku 28 pachaka kuphatikizapo masiku a tchuthi cha boma, pamene ku NHS munthu amayamba ndi masiku 27 kuwonjezapo asanu ndi atatu a boma, onse pamodzi 35. Kwa munthu amene makolo ake ali ku Dedza kapena ku Chipata, sabata yowonjezerayo ndi imene imalekanitsa ulendo wongokaonekera ndi ulendo wokhala pansi n'kucheza. Ndipo funsani chimene chimachitika mukadwala. M'chaka choyamba ku NHS mumalandira malipiro athunthu kwa mwezi umodzi, kenako theka la malipiro kwa miyezi iwiri, pamene malo ena amangopereka kandalama kochepa kamene lamulo limalamula, komwe sikangalipire ngakhale chipinda ku London.

Miyezi itatu yoyambirira iyenera kuwerengeredwa payokha, chifukwa m'mene anthu ambiri amagwera m'ngongole ndi mmenemo. Kuyambira mu 2019 lamulo la ku England limaletsa mwini nyumba kutenga dipoziti yoposa lendi ya masabata asanu ngati lendi ya pachaka siifika £50,000. Pa chipinda cha £1,000 pamwezi, dipoziti ikhoza kufika pafupifupi £1,154, ndipo mukawonjeza lendi ya mwezi woyamba mukufunika £2,154 musanalandire malipiro alionse, amene amabwera kumapeto kwa mwezi. Apa kalata ya nambala yaikulu ili ndi phindu limene sindingalibise: makampani ambiri obwereketsa nyumba amafuna kuti malipiro anu a pachaka akhale osachepera lendi ya pamwezi kuchulukitsa ka 30. Nyumba ya £1,200 imafuna £36,000, choncho wa £38,000 adutsa, wa £35,000 afunsidwa munthu womuikira chikole, chimene mlendo wongofika kumene sakhala nacho. N'chifukwa chake ndimafunsa ngati olemba ntchito ali ndi nyumba zogonamo antchito atsopano kwa mwezi umodzi kapena itatu, ngati amabwereketsa ndalama ya dipoziti, ndiponso ngati amalipira zosamukira. Boma sililipiritsa msonkho pa ndalama zoyenera zosamukira mpaka £8,000, kotero kwa olemba ntchito n'kosavuta kuvomera zimenezi kusiyana ndi kukweza malipiro, ndipo ndi pamenepa pamene ndimalimbikitsa anthu kunenerera.

Koma thandizo limeneli limabwera ndi chingwe. Pafupifupi mgwirizano uliwonse wotere uli ndi ndime yonena kuti mukachoka zaka ziwiri kapena zitatu zisanathe mudzabweza ndalama. Ndime yabwino imatchula ndalama yeniyeni ndipo imaichepetsa chaka ndi chaka. Ndime yoipa imangoti mudzabweza zonse zimene kampani yawononga pa inu, osatchula kuti ndi zingati. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere: ndinaonapo mgwirizano wa malipiro okongola umene ndime yake yobweza inali yoposa malipiro a miyezi itatu.

Kwa amene akupita pa viza ya ntchito, nkhani imeneyi ikulemera kuposa zonse zimene ndatchula. Viza yanu imamangidwa pa amene wakulembani ntchito. Mukafuna kusintha, mufunika wolemba ntchito wina amene ali ndi chilolezo cha Home Office, unduna woona za olowa ndi otuluka m'dziko, ndipo mupemphanso viza mwatsopano. Kampani ikalandidwa chilolezo, kawirikawiri mumapatsidwa masiku 60 okha kuti mupeze ina kapena muchoke m'dzikomo, ndipo viza imeneyi sikulolani kulandira thandizo la boma la nyumba kapena la anthu osowa ntchito. Mndandanda wa olemba ntchito ovomerezeka uli poyera pa intaneti ya boma la Britain, ndipo kuufufuza sikutenga mphindi zisanu. Muonenso mtundu wa viza, chifukwa ya Health and Care Worker simalipiritsa ndalama ya zaumoyo imene ena amalipira, £1,035 pa munthu wamkulu pachaka, ndipo kwa banja la anthu awiri pa zaka zitatu imeneyo ndi £6,210. Pamene ntchito ziwiri zasiyana pang'ono pa ndalama, ine ndimatsamira kwa wolemba ntchito amene sangagwe mawa, ndipo chipatala chachikulu chimaposa kakampani kamene kangoyamba kumene kuitanitsa anthu akunja.

Ndinenepo pang'ono za kumudzi. Nambala imene muuze achibale isakhale ya pa kalata, chifukwa iwo aisandutsa makwacha n'kuyamba kuigawa: fizi ya ana, feteleza, malata. Lembani mu bajeti yanu ndalama imene mudzatumiza mwezi uliwonse ngati mmene mwalembera lendi, ndipo muone ngati ntchito iliyonse mwa ziwirizo ikukusiyirani kanthu itachotsedwa.

Sikuti nthawi zonse ntchito ya malipiro ochepa ndiyo imapambana. Ngati muli ndi m'bale amene akusungani ku Elephant and Castle, pafupi ndi pakati pa mzinda, kwa chaka, kapena ntchito ya pakati pa mzinda ikuphunzitsani luso limene lidzakukwezani paudindo m'zaka ziwiri, kawerengedwe kamasintha. Pofunsidwa mafunso, nanunso funsani kuti amene anali pa udindowo anachokeranji ndiponso kuti antchito amene alipo akhala zaka zingati, pakuti mayankho ake amaulula zimene kalata siinena.

Mukawerengera zonsezi, musachedwe, chifukwa mapanga awiri avumbwitsa. Kupempha masiku atatu kapena asanu oganizira n'kololeka, ndipo olemba ntchito anzeru sakhumudwa nako, koma kuvomera ntchito zonse ziwiri kuti mudzasiye imodzi pambuyo pake kumaipitsa dzina, ndipo ma manijala a zipatala za dera limodzi amadziwana. Ntchito imene muli nayo panopa musaisiye mpaka mutalandira kalata yotsimikiza kuti kafukufuku yense wa mapepala anu watha, ndipo ngati mukufuna viza, mpaka mutalandira nambala ya Certificate of Sponsorship, imene olemba ntchito amakupatsani kuti mupemphere viza. Malo amene mwawakana muwalembere kalata yaifupi yothokoza tsiku lomwelo, mutchule kuti mwasankha kwina chifukwa cha malo okhala ndi mayendedwe, ndipo musunge dzina la amene anakufunsani mafunso.