"Ine ndinamwa, sindinadwale": umboni wopusitsa wa pamjigo

Pa ntchito yanga yophunzitsa sayansi ku sekondale muno mu Harare, mawu amene ndimalimbana nawo kwambiri ndi awa: "Ife timamwa madzi a pamjigo uja tsiku ndi tsiku, sitinadwalepo." Ana amawatola kunyumba, kwa makolo ndi agogo awo ku Mbare, Mufakose kaya Highfield. Wonenayo sakunama ayi. Anamwadi, ndipo sanadwaledi. Koma zimenezi sizitiuza ngati madziwo ali abwino, chifukwa anthu ambiri amene ameza tizilombo ta kolera saonetsa chizindikiro chilichonse, kapena amangotsegula m'mimba pang'ono, chikhalirecho tizilomboto tikutuluka m'chimbudzi chawo kwa masiku angapo. Amene matendawa awagwetsa amayamba kudwala pakapita maola 12 mpaka masiku 5, ena ataiwala kale kumene anatunga. Ndipo amene anamwa n'kumwalira sapezekanso pamzere wa zigubu kuti afotokoze mbali yawo.

Mu 2008 ndi 2009 kolera inadwalitsa anthu oposa 98,000 m'Zimbabwe muno, n'kupha oposa 4,000. Mu Sepitembala 2018 inabukanso ku Glen View ndi ku Budiriro, kumene zonyansa za m'mapaipi ophulika a suweji zinalowa m'zitsime ndi m'mijigo ina. Madzi otere amatha kuoneka oyera mbee m'kapu.

Funso limene ndimafuna mwana aliyense achoke nalo m'kalasi ndi lalifupi: tikuyerekeza ndi ndani? Ndimaliphunzitsa ndi nkhani ya dokotala wa ku London, John Snow. Mu 1854 kolera inapha anthu oposa 500 m'masiku 10 okha kuzungulira msewu wa Broad Street. Madokotala ambiri a nthawiyo ankati matendawa amabwera ndi mpweya wonunkha, ndipo ganizoli silinali lopusa: kumene kunkanunkha n'kumene anthu ankafa. Snow anayenda khomo ndi khomo kufunsa kumene womwalira aliyense ankatunga madzi, napeza kuti ambiri ankamwa a pamjigo wa mumsewuwo.

Akanalekera pomwepo, a mpweya aja akanamuyankha mosavuta kuti oyandikana ndi mjigo amapumanso mpweya umodzi. Iye anapita kukafufuza anthu amene sankagwirizana ndi chithunzicho. Mumsewu womwewo munali fakitale yofulula mowa ya antchito pafupifupi 70. Ankapuma mpweya womwewo, koma ankamwa mowa wawo ndipo anali ndi chitsime chawochawo. Palibe anafa ndi kolera. Kutali ku Hampstead, kumene kunalibe mliri, mayi wina wamasiye anamwalira ndi kolera. Atafunsa, Snow anamva kuti mayiyo ankawakonda madzi a pa Broad Street, moti ankachita kumutengera m'botolo pangolo. Apa ndiye pali mtima wa nkhani: opuma mpweyawo osamwa madzi anapulumuka, womwa madziwo osapuma mpweya anafa.

Anthu ambiri pofotokoza nkhaniyi amathera poti akuluakulu anachotsa chogwirira cha mjigo, mliri n'kutha. Ine ndimawaimitsa ana pamenepa n'kuwafunsa ngati umenewu ndi umboni. Ambiri amavomera. Koma Snow mwiniwake analemba kuti imfa zinali zitayamba kale kuchepa chogwiriracho chisanachotsedwe, popeza anthu ambiri anali atathawa m'deralo. Chinthu chikachitika pambuyo pa chinzake, sindiye kuti choyambacho ndicho chachititsa. Kwa ine, kuti munthu anene yekha pamene umboni wake wafooka, n'chifukwa chokwanira chomvetsera zina zonse zimene akunena.

Mbali imene ndimaikonda ndi ya m'busa wa m'deralo, Henry Whitehead. Iye sankakhulupirira Snow, ndipo anayamba kafukufuku wake pofuna kumutsutsa. Poti ankawadziwa anthu ake ndi makomo awo, ndiye anatulukira kuti mliri usanabuke kunadwala khanda pa nyumba nambala 40, ndipo madzi ochapira matewera ake ankatayidwa m'dzenje la zonyansa lomwe linali pafupi kwambiri ndi chitsime cha mjigowo. Anasintha maganizo poyera. Makolo ena amaopa kuti mwana wophunzira kufunsa umboni adzasiya kupemphera kapena adzayamba mwano. Whitehead anakhalabe m'busa mpaka imfa yake.

Kufunsa sikutsutsa akulu, ndipo paja safunsa anadya phula. Mwana atha kunena mwaulemu kuti, "Agogo, kodi a kuseri aja amene amathira klorini m'madzi awo, nawonso akutsegula m'mimba ngati ife?" Funso lomweli ligwiritseni ntchito pa mauthenga a pa WhatsApp onena za mankhwala azitsamba kapena a m'botolo amene akuti achiritsa anthu ambirimbiri. Kutsegula m'mimba wamba kumasiya kokha pakapita masiku ochepa, ndiye chilichonse chimene munthu wamwa pa tsiku lachitatu chimatenga ulemu. Funsani kuti amene sanamwe anachira patapita masiku angati, komanso kuti amene anamwa osachira anawawerenga ndani.

Kolera yokha musaiyesere mankhwala pakhomo, chifukwa imatha kupha munthu m'maola ochepa pomutha madzi m'thupi. Wina akayamba kutsegula madzi okhaokha onga otsukira mpunga, mpatseni madzi a shuga ndi mchere pafupipafupi muli m'njira yopita kuchipatala. Akakufunsani kumeneko kumene mumatunga madzi, tchulani malo onse, ngakhale mjigo umene mumaukhulupirira, pakuti mayankho a mabanja ambiri akaikidwa pamodzi ndiwo amasonyeza chitsime choyenera kuyezedwa ndi kutsekedwa.