Nkhani ya Rama si imodzi ayi

Ambiri amaganiza kuti Ramayana ndi buku limodzi lopatulika la Ahindu, lomwe mawu ake sasintha. Si choncho. Nkhani ya Rama, mwana wa mfumu amene anathamangitsidwira kunkhalango zaka 14, uku mkazi wake Sita atabedwa ndi Ravana, mfumu ya ku Lanka, ili ngati nthano ya Kalulu: agogo aliyense amaikamba mwakemwake.

Yakale yotchuka ndi ya Valmiki, m'chilankhulo cha Sanskrit, ya mavesi pafupifupi 24,000. Kenako mlakatuli Kamban analemba yake m'Chitamil, ndipo Tulsidas anayamba yake mu 1574 m'chilankhulo cha Awadhi. Imeneyi ndiyo anthu wamba kumpoto kwa India amaiyimba mpaka lero.

Kusiyana kwake si kwa mawu okha. Kwa Tulsidas, amene Ravana anaba sanali Sita weniweni koma chithunzithunzi chake. Mwiniwakeyo anabisidwa m'moto. Ajain, otsatira chipembedzo china cha ku India omwe safuna n'komwe kukhetsa magazi, amati wopha Ravana si Rama koma Lakshmana, mng'ono wake wa Rama. Yondizunguza mutu ine ndi ina ya Abuda: mmenemo Sita ndi mlongo wake wa Rama, ndipo za kubedwazo mulibiretu.

Nkhaniyi inaolokanso nyanja. Ku Thailand amaitcha Ramakien, ndipo nyani Hanuman, mthandizi wa Rama, yemwe ku India amalemekezedwa ngati wodziletsa wosakwatira, kumeneko ndi kamberembere wokonda akazi. Pachilumba cha Java ku Indonesia amaisewera usiku ndi zidole zachikopa, mithunzi yake ikuvina pansalu yoyera.