Usiku wa ku Greensboro umene unapatsa komiti mphamvu

Lamlungu pa 16 March 2025, mayina a matimu 68 opita ku chikho chachikulu cha basketball ya m'makoleji a ku America atawerengedwa pa kanema, dzina la West Virginia silinamveke. Lomwe linamveka ndi la North Carolina, timu imene pa masewero 13 ovuta kwambiri a chaka chimenecho inapambana amodzi okha, pomwe West Virginia inapambana 6 a mtundu womwewo. Choipitsa nkhani chinali chakuti wapampando wa komiti yosankha, Bubba Cunningham, ndiye analinso mkulu wa zamasewero ku North Carolina komweko. Malamulo amati munthu wotere azituluka m'chipinda timu yake ikamakambidwa, ndipo akuti anatulukadi. Komabe bwanamkubwa wa West Virginia, Patrick Morrisey, anaitana atolankhani mawa lake n'kunena kuti nkhaniyi ifufuzidwe.

Phokoso lotere limabwera chaka ndi chaka, amangosintha ndi olira. Koma kale kunalibe chokanganirana chochuluka, chifukwa komiti inalibe mphamvu imene ili nayo lero. Mpikisano umenewu, wa NCAA, bungwe loyang'anira masewero a m'makoleji, unayamba mu 1939 ndi matimu 8, Oregon n'kutenga chikho, ndipo kwa zaka zoposa 30 lamulo linali louma: ligi iliyonse ya makoleji izitumiza timu imodzi basi. Komiti inkangodzaza mipata yotsala ndi matimu opanda ligi.

Ligi zambiri zinkatumiza timu yomwe yathera pamwamba. ACC, ligi ya makoleji a kugombe la kummawa, inali ndi njira yakeyake yankhanza. Ukhoza kulamulira miyezi itatu, koma malo ankapita kwa wopambana kampikisano kachipulula ka masiku atatu a mu March. South Carolina inalawa zimenezi mu 1970: sinagonje ndi kamodzi komwe pa masewero 14 a mu ligi, kenako inagwa 42-39 kwa NC State (koleji ina, yosiyana ndi North Carolina) mu fainolo, ulendo n'kuthera pomwepo. Chaka chotsatira inachoka mu ligiyo, ngakhale panalinso mikangano ina. Kumadzulo nako, USC ya 1971 inapambana masewero 24 n'kugonja awiri, onsewo kwa UCLA ya ligi yomweyo, ndipo inaonera chikho kunyumba.

Ndiyeno panafika pa 9 March 1974, mu Greensboro Coliseum ku North Carolina. NC State inali nambala 1 m'dziko lonse, Maryland nambala 4. Malo ku chikho cha matimu 25 analipo amodzi. Maryland, ya mphunzitsi Lefty Driesell, inali kusewera usiku wachitatu wotsatizana, itangokwapula kumene North Carolina dzulo lake, pamene NC State inali itapumako tsiku loyamba chifukwa chothera pamwamba. Nthawi imeneyo kunalibe mzere wa mapointi atatu, kunalibe wotchi yokakamiza timu kuponya, ndipo kukhomerera mpira m'nkhata ndi manja kunali koletsedwa. Timu yotsogola ikanatha kungosunga mpira mpaka nthawi ithe. Awa sanatero. Anathamangitsana usiku wonse, Maryland ikulowetsa mipira yoposa 6 pa 10 iliyonse imene yaponya, chinthu chimene nthawi zambiri chimakwanira kupambana masewero alionse.

Maso a anthu anali pa David Thompson, katswiri wa NC State, koma amene anasokoneza Maryland ndi mnzake Tom Burleson, chimphona cha pansi pa nkhata, yemwe anamwetsa mapointi 38. Atolankhani a nthawiyo amati anali ndi mkwiyo chifukwa posankha osewera asanu opambana mu ligi anamusiya n'kutenga Len Elmore wa Maryland, yemweyo amene ankalimbana naye usikuwo. Nthawi inatha ali 97-97. M'mphindi zowonjezera miyendo ya Maryland inalema, John Lucas wa Maryland anataya mpira pamalo oipa, ndipo Monte Towe wa NC State, wamfupi kuposa onse m'bwalomo, anatseka nkhani ndi mipira iwiri yaulere kutatsala masekondi ochepa. NC State inapambana 103-100.

Nkhani yofala imati Driesell anakwera basi ya NC State kukawayamikira ndi kuwauza kuti akatenge chikho. Anakatengadi, atagwetsa UCLA imene inali itachitenga zaka 7 zotsatizana, kenako Marquette mu fainolo. Maryland inaitanidwa ku NIT, mpikisano wina umene nthawi imeneyo unkachitikira ku New York, koma osewera anakana. Taonani magonjedwe awo chaka chonsecho: masewero 5, atatu kwa NC State, amodzi kwa UCLA ndi pointi imodzi yokha, ena kwa North Carolina. Elmore ndi Tom McMillen anamaliza sukulu chaka chomwecho.

Chaka chotsatira matimu anakhala 32, ndipo ligi inaloledwa kutumiza awiri. Olemba ambiri amalumikiza zinthu ziwirizi mwachindunji, ngati kuti akuluakulu anaonera masewerowo n'kusintha lamulo m'mawa mwake. Ine ndimakayikako pang'ono. Madandaulo anali atayamba kale ndi South Carolina ndi USC, ndipo panalinso nkhani ya mpikisano ndi NIT, imene inkatola matimu abwino otsala. Mu 1970 mphunzitsi Al McGuire anakana malo amene NCAA inapatsa timu yake ya Marquette, posakondwa ndi chigawo chimene anaikidwa, napita ku NIT n'kukapambana. Matimu ochuluka amatanthauzanso masewero ochuluka ogulitsa ku kanema. Chimene Greensboro inachita, mmene ndikuonera, ndi kulanda mawu m'kamwa mwa aliyense amene ankatetezabe lamulo lakale. Maryland yomweyo inadya nawo zipatso zake mu 1975, italowa ngakhale inagonja m'kampikisano ka ligi, ndipo mu 1976 fainolo inali ya Indiana ndi Michigan, onse a ligi imodzi ya Big Ten.

Zotsatira zinabwera mofulumira. Mu 1979 anayamba kupatsa timu iliyonse nambala yosonyeza mphamvu zake, kuti zimphona zisakumane koyambirira. Mu 1980 malire a matimu awiri pa ligi anachotsedwa. Mu 1985 matimu onse anafika 64, mu 2011 anafika 68. Pa 68 a mu 2025, 31 analowa chifukwa chopambana zikho za ligi zawo, ndipo 37 anasankhidwa ndi anthu 12 otsekeredwa m'chipinda.

Anthu amenewo sangaonere matimu oposa 350, choncho mu 1981 anapatsidwa chowerengera chotchedwa RPI. Mmene anthu ambiri anaidziwira, gawo limodzi mwa magawo anayi linali kupambana kwako, theka linali kupambana kwa amene wasewera nawo, ndipo gawo lotsala linali la amene adani akowo asewera nawo. Ndiye kuti magawo atatu mwa anayi sanali m'manja mwako. Kugonja kwa timu yamphamvu kunkatha kukukweza kuposa kupambana timu yofooka. Kwa koleji ya mu ligi yaikulu izi zinali zokoma, pakuti adani amphamvu amabwera okha pa kalendala. Timu ya ligi yaing'ono inkayenera kukawapempha, ndipo akavomera amati bwerani kwathu, ife kwanu sitifika.

Ena aang'ono anaphunzira masamu akewo. Ligi ya Missouri Valley inakonza kalendala mwanzeru, mu 2006 n'kulowetsa matimu anayi, mpaka muulutsi Billy Packer wa CBS anadandaula pa kanema kuti komiti yachulutsa tianthu. Chaka chomwecho George Mason, yopatsidwa nambala 11 mwa 16 m'chigawo chake, inafika mu matimu anayi otsiriza. Koma chaka chomwechonso Missouri State, ili pa nambala 21 pa RPI, inasiyidwa, kusonyeza kuti chowerengeracho chinkamveredwa pamene komiti yafuna. VCU mu 2011 inanyozedwa kuti siyoyenera, nayo n'kufika pa anayi otsiriza. Monmouth mu 2016 inachita zonse zimene aang'ono amauzidwa, inayenda, inagonjetsa UCLA, Notre Dame, USC ndi Georgetown, inapambana masewero 27, kenako inagwa kwa Iona mu fainolo ya ligi yake. Inatsala.

RPI inapumitsidwa mu 2018, m'malo mwake munabwera NET, imene imaonanso mapointi amene timu imamwetsa ndi kumwetsedwa pa mpata uliwonse wogwira mpira. Masewero amagawidwa m'magulu anayi. Gulu loyamba, limene aliyense amangoti Quad 1, ndi kusewera pakwanu ndi timu ya pakati pa 1 ndi 30, pabwalo lapakati ndi ya pakati pa 1 ndi 50, kapena koyenda ndi ya pakati pa 1 ndi 75. NET ndiyabwinopo kuposa RPI, sindingatsutse. Koma funso lakuti wapambana angati a Quad 1 likubweza vuto lakale lija: wa ligi yaikulu amapeza mipata yoposa 10 osaifunafuna, wa ligi yaing'ono mwina inayi kapena isanu.

Oteteza komiti ali ndi mfundo zawo, ndipo sizachabe. Amati timu yosewera ndi zimphona sabata iliyonse ikapambana theka, yachita chovuta kuposa yopambana pafupifupi onse pakati pa ofooka. Mu 2025 ligi ya SEC inalowetsa matimu 14 mwa 16, zomwe sizinachitikepo, ndipo Florida ya ligi yomweyo inatenga chikho. North Carolina nayo inayankha otsutsa pothambitsa San Diego State 95-68, isanagonje kwa Ole Miss. Pa za West Virginia, Cunningham anatchula kuvulala kwa wosewera wake Tucker DeVries, ngakhale mnyamatayo anali atasiya kusewera kuyambira December ndipo timuyo inapitiriza kupambana popanda iye. Mavoti a m'chipindamo ndi achinsinsi, kotero chimene tili nacho ndi mawu a wapampando pa kanema basi. Pali ndalamanso: masewero alionse amene timu yasewera m'chikhochi amabweretsera ligi yake ndalama zokwana pafupifupi madola 2 miliyoni zoperekedwa m'zaka 6, ndipo ena mwa okhala m'komiti ndi akuluakulu a ligi zomwezo. Pamene ankakambirana mu 2025 zowonjezera matimu kufika 72 kapena 76, omwe ankakankha kwambiri sanali a ligi zing'onozing'ono.

Dzina la DeVries limandikumbutsa March 2024, iye akadali ku Drake. Indiana State, koleji imene katswiri Larry Bird anasewerako, inali itathera pamwamba mu Missouri Valley, itapambana masewero 28, ili mkati mwa 30 oyambirira pa NET, ndipo anthu ankadzaza bwalo kudzaona Robbie Avila, chimphona chovala magalasi chopatsira mipira ngati wosewera wamfupi. Mu fainolo ya ligi ku St. Louis inagonja kwa Drake 84-80. Panali patatha zaka 50 ndi tsiku limodzi chichitikireni masewero a ku Greensboro. Komiti inatenga Virginia ya ACC, imene inapita ku masewero oyambirira a ku Dayton kukamwetsa mapointi 42 okha, Colorado State ikumwetsa 67. Indiana State sinakane NIT ngati Maryland. Inasewera mpaka fainolo ku Indianapolis, n'kugonja kwa Seton Hall 79-77.