Kusinthanitsa mawu si kuledzera, si ukalamba

Munthu wachikulire akayamba kunena "galitomo" pofuna kunena galimoto, abale amafulumira kuganiza kuti wayamba kumwa mobisa, kapena kuti ndi ukalamba basi. Ena amati ndi sitiroko. Koma sitiroko imagwa mwadzidzidzi, pamene vutoli limakula pang'onopang'ono kwa zaka.

Pali matenda otchedwa primary progressive aphasia, omwe dokotala Marsel Mesulam anawafotokoza mu 1982. Maselo a ubongo osamala za chilankhulo, makamaka a mbali ya kumanzere, amafa pang'onopang'ono, nthawi zambiri munthu asanafike zaka 65.

Kulakwitsaku sikufanana. Kwa ena pakamwa palibe vuto, koma ubongo umasankha kaliwu kolakwika, mawu n'kutuluka omveka bwino koma osinthanitsidwa. Kawirikawiri gwero la kulakwitsa kotereku ndi matenda a Alzheimer, omwe amawononga ubongo pang'onopang'ono. Ena liwu amalidziwa, koma ubongo umalephera kulongosola kayendedwe ka lilime ndi milomo. Mumaona milomo ikufufuza poyambira, kenako liwu limatuluka lopotoka, lodukaduka.

Chimene chimandiwawa n'choti poyamba munthuyo amakumbukira bwino, amadziwa chimene akufuna kunena, ndipo amamva tikamamuseka. Mudikireni amalize yekha, ndipo mupite naye kuchipatala akamuyeze.