Opaleshoni Yochepetsa Chifu: Zimene Muyenera Kudziwa Musanavomere

Munthu wonenepa kwambiri sasowa omulangiza. Uyu amuuza kuti achepetse kudya, uyo kuti aziyenda wapansi, wina amubweretsera tiyi amene akuti amasungunula mafuta. Ambiri anayesapo zonsezi, ena kwa zaka zambirimbiri. Sikelo imatsika kwa miyezi ingapo, kenako thupi n'kubwerera mwakale, mwinanso kuposa kale. Si ulesi ayi. Thupi likazolowera kulemera kwake silifuna kutsika: mukachepetsa chakudya, njala imakula, ndipo thupilo limayamba kuumira mphamvu zake. N'chifukwa chake madokotala masiku ano amaona kunenepa kwambiri ngati matenda okhalitsa, monga shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Bungwe la World Health Organization linapeza kuti mu 2022 munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse padziko lapansi anali ndi vutoli.

Kwa ena mwa anthu amenewa, thandizo lamphamvu kwambiri ndi opaleshoni yotchedwa gastric bypass. Imathandizadi, ndipo yapulumutsa miyoyo. Koma dokotala amatha ntchito yake m'maola awiri kapena atatu, pamene yanu imakhala ya moyo wanu wonse. Mbali yachiwiriyi ndi imene anthu ambiri saimvetsa asanagone pa tebulo.

Amachita chiyani m'mimbamo?

Chifu cha munthu wamkulu chimatha kunyamula chakudya chopitirira lita imodzi. Dokotala amachidula chakumtunda, pafupi ndi pamene kummero kumathera, n'kupanga kathumba kakang'ono ngati dzira, ka mamililita 30 kapena kucheperapo. Chifu chotsalacho sachichotsa. Chimakhala momwemo, chamoyo, chikutulutsabe timadzi togaya chakudya, kungoti chakudya sichidutsamonso.

Kenako amadula matumbo aang'ono chakutsogolo pang'ono, n'kukoka mbali yakumunsi kukailumikiza ku kathumba kaja. Mbali yakumtunda, imene imanyamula timadzi ta m'chifu, ta m'ndulu ndi ta m'kapamba, amakailumikiza kumunsi, pamtunda wa masentimita 75 mpaka 150 kuchokera pa kathumba. Mukajambula njira ziwirizi pa pepala zimaoneka ngati chilembo Y, n'chifukwa chake mudzamva madokotala akunena kuti Roux-en-Y. Dzinali likuchokera kwa César Roux, dokotala wa ku Switzerland amene anayambitsa kalumikizidwe kameneka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Woyamba kulambalalitsa chifu pofuna kuchepetsa thupi anali Edward Mason wa ku yunivesite ya Iowa ku America, m'zaka za m'ma 1960. Iye anaona kuti odwala zilonda zam'mimba amene anachotsedwa mbali ya chifu ankavutika kunenepanso.

Kale ankang'amba mimba yonse. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, opaleshoniyi imachitika kwambiri kudzera m'timabowo tisanu kapena tisanu ndi kamodzi, molowetsamo kamera ndi zipangizo zazitali, wodwala atagonekedwa tulo. Ambiri amatuluka m'chipatala pakatha tsiku limodzi mpaka atatu.

Anthu amaganiza kuti munthu amachepa thupi chifukwa choti chifu chachepa basi. Zoona, kathumba kamadzaza msanga. Koma chachikulu chimachitika m'mahomoni. Chakudya chikafika msanga kumunsi kwa matumbo, matumbowo amatulutsa mahomoni ambiri, monga GLP-1 ndi PYY, amene amauza ubongo kuti munthu wakhuta ndiponso amathandiza thupi kulamulira shuga. Ndi chifukwa chake odwala shuga ena amaona shuga wawo akutsika pakangopita masiku ochepa, sikelo isanasunthe n'komwe.

Ndani angachitidwe?

Muyezo woyamba ndi BMI. Tengani kulemera kwanu m'makilogalamu, mugawe ndi msinkhu wanu m'mamita, yankholo muligawenso ndi msinkhu womwewo. Munthu wolemera makilogalamu 110, wotalika mamita 1.65, BMI yake ndi 40.

Kwa zaka zambiri madokotala ankatsatira malangizo a mu 1991 ochokera ku America: BMI ya 40 kupita m'mwamba, kapena ya 35 ngati munthuyo ali ndi matenda ena obwera ndi kunenepa, monga shuga, kuthamanga kwa magazi kapena kubanika kutulo. Mu 2022 mabungwe awiri akuluakulu a madokotala a opaleshoni zotere, ASMBS ndi IFSO, anatsitsa malirewo kufika pa 35 kwa aliyense, ndi pa 30 kwa odwala shuga kapena matenda ofanana nawo. Mayiko ndi zipatala amasiyana pa malamulo amene amatsatira.

Koma nambala payokha siikwanira. Gulu labwino la achipatala lidzafuna kudziwa mmene mtima ndi mapapo anu zilili, mmene mumadyera, ngati mumasuta fodya kapena kumwa mowa, ndiponso mmene maganizo anu alili. Munthu amene ali ndi vuto la uchidakwa kapena matenda a maganizo amene sanalandire thandizo amauzidwa kuti ayambe wathana nazo. Chipatala chimene chikukupatsani tsiku la opaleshoni osakufunsani zonsezi, muchiope.

Osuta fodya ayenera kusiya kudakali milungu 6 kapena kuposerapo, ndipo asadzayambirenso. Kutatsala milungu iwiri, ambiri amapatsidwa chakudya chochepa mafuta ndi shuga kuti chiwindi chiphwe, popeza chiwindi chimaphimba malo amene dokotala akufuna kugwirapo ntchito.

Ubwino wake

Ambiri amataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a kulemera kwawo konse m'chaka chimodzi kapena ziwiri zoyambirira. Munthu wa makilogalamu 120 akhoza kufika cha pa 80 kapena 90. Odwala shuga wa mtundu wachiwiri ambiri amachepetsa mankhwala, ena amasiyiratu kwa zaka, ngakhale kuti kwa ena shugayo amadzabwereranso. Kuthamanga kwa magazi kumatsika, mawondo amapepukidwa, kubanika kutulo kumachepa, ndipo chilungulira chimatha kwa ambiri. Kafukufuku wamkulu amene anayamba ku Sweden mu 1987 anatsatira anthu masauzande kwa zaka zambiri, n'kupeza kuti imfa zinali zochepa pakati pa amene anachitidwa opaleshoni yochepetsa thupi poyerekeza ndi anzawo olemera mofanana amene sanachitidwe.

Pakapita zaka zingapo makilogalamu ena amabwerera kwa anthu ambiri, ndipo kwa ochepa amabwerera ochuluka. Kathumba kakang'ono sikaletsa zakumwa zotsekemera kapena kudyaidya tsiku lonse.

Zoopsa za m'masiku oyamba

M'zipatala zimene zimachita opaleshoniyi kawirikawiri, omwalira m'mwezi woyamba amakhala pafupifupi mmodzi kapena awiri mwa anthu 1,000. N'ochepa, koma alipo. Choopsa kwambiri ndi kudontha kwa malo amene alumikiza, zam'matumbo n'kutayikira m'mimba. China ndi magazi kuundana m'mitsempha ya m'miyendo n'kupita kukatseka m'mapapo. Anamwino akamakudzutsani kuti muyende tsiku lomwelo mwachitidwa, musaone ngati nkhanza, akuteteza zimenezi. Pamakhalanso kutaya magazi, bala kuchita mafinya, kapena malo olumikizawo kuchepa mpaka chakudya kumakanika kudutsa.

Kudya kumayambiranso pachiyambi

Milungu iwiri yoyamba ndi ya zamadzimadzi zokha. Kenako zopota, kenako zofewa, ndipo pofika mlungu wa 6 kapena wa 8 mumabwerera ku chakudya cha masiku onse, koma chochepa kwambiri. Muzidya pang'onopang'ono, muzitafuna mpaka chakudya chisalale, ndipo mukangomva kukhuta musiye. Supuni imodzi yowonjezera ikhoza kukusanzitsani. Yambani ndi zomanga thupi monga mazira, nsomba, nyama, mkaka ndi nyemba, chifukwa mumafunika magalamu 60 kapena kuposa a mapuloteni patsiku kuti minofu isathe limodzi ndi mafuta. Madzi muzimwa pang'onopang'ono tsiku lonse, osachepera lita imodzi ndi theka, koma osati pakudya. Dikirani mphindi 30 mukatha kudya.

Pali vuto limene madokotala amalitchula kuti dumping. Zotsekemera kapena zamafuta zikagwera m'matumbo mwadzidzidzi, pakangopita mphindi 10 mpaka 30 munthu amamva nseru, mtima kugunda, thukuta, chizungulire, m'mimba kupota ndi kutsegula. Ena limawapeza patapita ola limodzi mpaka atatu, shuga wa m'magazi atatsika kwambiri: kunjenjemera, kufooka, ngakhale kukomoka. Njira yolipewera ili m'kadyedwe komwemo.

Mavitamini: apa ndiye pamene pagona nkhani

Ngati pali chinthu chimodzi choti musaiwale, ndi ichi. Chigawo choyamba cha matumbo, chimene chakudya chikulambalala tsopano, ndi malo amene thupi limayamwira kwambiri ayironi ndi kashiamu. Vitamini B12 nayenso amafuna asidi ndi timadzi tina ta m'chifu kuti alowe m'thupi. Ndiye ngakhale muzidya bwino chotani, chakudya chokha sichingakukwanireni. Mudzamwa mavitamini tsiku lililonse mpaka kalekale: piritsi la mavitamini osiyanasiyana, kashiamu ndi vitamini D, ayironi makamaka kwa amayi amene akusambabe, ndi B12, amene ena amalandira kudzera mu jakisoni miyezi itatu iliyonse. Ayironi ndi kashiamu musamwere pamodzi, zimalimbana. Pazidutsa maola awiri.

Chomvetsa chisoni n'chakuti kuperewera kwa zimenezi sikumveka msanga. Munthu amamwa mokhulupirika chaka choyamba, thupi n'kuchepa, n'kumamva bwino kuposa kale lonse, kenako n'kuona ngati mapiritsi alibenso ntchito. Pakapita zaka ziwiri kapena zitatu amayamba kutopa popanda chifukwa, magazi achepa. Mapazi amachita dzanzi, amaiwalaiwala, mafupa akufooka mwakachetechete. Mitsempha ikawonongeka chifukwa chosowa B12, nthawi zina sichiriratu. Choncho kuyezetsa magazi n'kofunika kangapo m'chaka choyamba, kenako kamodzi chaka chilichonse, ngakhale mukumva bwino. Ngati mukuona kuti simungathe kupeza mavitamini ndi kuyezetsa kumeneku kwa zaka zonse zikubwerazo, uzani dokotala mosabisa musanachitidwe. Zimenezi n'zofunikanso kwambiri kwa amene akuganiza zokachitidwira kutali ndi kumene amakhala: dziwani amene adzakuoneni mukabwerako.

Vitamini B1 yekha ndiye sachedwa kutha, m'milungu yochepa chabe. Munthu amene akusanza masiku angapo motsatizana apite kuchipatala msanga, chifukwa kusowa kwa vitamini ameneyu kumawononga ubongo.

Mankhwala, mowa ndi pakati

Mankhwala opha ululu monga ibuprofen, diclofenac ndi aspirin amayambitsa zilonda pamalo olumikiza paja, ndipo fodya amachita chimodzimodzi. Musamwe mankhwalawa pokhapokha dokotala wodziwa za opaleshoni yanu atalola. Paracetamol ndi amene amalangizidwa kawirikawiri. Odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi amafunika kusinthiridwa mlingo wa mankhwala msanga, koma osasintha okha.

Mowa umalowa m'magazi mofulumira kwambiri, moti botolo limodzi limaledzeretsa ngati awiri kapena atatu. Ena amene kale analibe vuto amagwa m'uchidakwa patapita zaka zingapo. Ndi bwino kuupewa, makamaka chaka choyamba.

Amayi ambiri amene ankavutika kutenga pakati amaima mosavuta thupi likachepa, ena asakuyembekezera n'komwe. Madokotala amalangiza kudikira miyezi 12 mpaka 18, nthawi imene thupi likutsika mofulumira. Mapiritsi olerera akhoza kusagwira bwino ntchito, choncho funsani za lupu kapena njira ya pamkono.

Tsitsi limathothoka kwa ambiri pakati pa mwezi wachitatu ndi wachisanu ndi chimodzi, koma limameranso. Khungu limatsala lolendewera pamimba, pamikono ndi m'ntchafu. Kuchepa thupi mofulumira kumabweretsanso miyala m'ndulu. Ndipo maganizo amagwedezeka: munthu amene chakudya chinali chomutonthoza amasowa pothawira, m'banja zinthu zimasintha, ena amagwa m'matenda ovutika maganizo. Musachite nazo manyazi, kauzeni achipatala.

Njira zina zilipo

Opaleshoni ya sleeve gastrectomy, imene amachotsa pafupifupi magawo anayi mwa asanu a chifu osakhudza matumbo, ndi imene ikuchitika kwambiri padziko lonse masiku ano. Ndi yosavutirapo, koma imatha kukulitsa chilungulira. Palinso mankhwala obaya monga semaglutide ndi tirzepatide amene amachepetsa njala, ngakhale kuti thupi limabwerera kwa ambiri akasiya. Funsani dokotala chifukwa chake akukusankhirani njira iyi osati inayo, ndiponso kuti amachita maopaleshoni otere angati pachaka.

Thamangirani kuchipatala ngati…

M'milungu yoyamba, musadikire kuti kuche mukaona mtima ukugunda kopitirira ka 120 pa mphindi mutangokhala, kutentha thupi, kupuma mobanika, kupweteka pachifuwa kapena paphewa lakumanzere, m'mimba kupweteka mowonjezereka, mwendo umodzi kutupa, kusanza magazi, chimbudzi chakuda bii, kapena kulephera ngakhale kumeza madzi.

Patapita miyezi kapena zaka, matumbo amatha kulowa m'mpata umene unatsala mkati n'kupotokola. Ululu wake ndi woopsa, nthawi zina umabwera n'kupita, makamaka mukatha kudya. Musauziziritse ndi mankhwala kunyumba. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mawu oyamba kwa amene akulandireni akhale akuti munachitidwa gastric bypass, ndi chaka chake. Sungani kapepala kolembapo zimenezi m'chikwama chanu, kuti ngati mwafika musakutha kulankhula achipatala akawerenge.