Liwiro la pa Phiri la Mulanje linayamba ndi katundu pamutu

Mwezi wa July, chisanu chikafika poluma zala, anthu mazanamazana amasonkhana ku Likhubula, m'munsi mwa Phiri la Mulanje, kunja kusanayere bwino kudzathamanga mpikisano wa Porters Race, dzina lotanthauza liwiro la onyamula katundu. Njira yake ndi ya makilomita opitirira 20. Amanyamukira pafupi ndi ofesi ya zankhalango, n'kukwera chitunda chosapumitsa cha mamita pafupifupi 1,000 mpaka kukafika ku Chambe, pamwamba pa phiri. Kuchoka apo amadutsa m'udzu ndi m'miyala kulowera ku Lichenya, kenaka n'kutsetsereka kubwerera ku Likhubula. Mlendo wamphamvu zake ulendo umenewu amaugawa masiku awiri, usiku n'kugona m'nyumba ya alendo ya m'phirimo. Anyamata otsogola amaumaliza m'maola awiri ndi mphindi zochepa, ndipo amayi otsogola amakhala atafika maola atatu asanakwane.

Anthu a m'tawuni akamva zimenezi amafunsa kuti kodi othamangawa amawaphunzitsa ndani, nanga amakonzekerera pa bwalo liti. Ambiri a iwo anayamba kupambana asanapondepo bwalo lamakono. Miyendo imeneyi inaumbidwa ndi ntchito, ndipo ntchitoyo yakhalapo zaka zoposa 100.

Tiyi anayamba kubzalidwa ku Mulanje mu 1891, pamene Henry Brown, amene poyamba ankagwira ntchito ku mishoni ya Blantyre, anabzala mitengo yoyamba m'munsi mwa phirili. Chaka chomwecho dziko lino linalowa m'manja mwa Britain. Misewu ya galimoto kunalibe, ndipo sitima ya pamtunda yodzera ku Luchenza inafika ku Blantyre mu 1908. Katundu yense ankayenda pamutu pa amtengatenga. Mzungu naye ankayenda pamapewa a anthu: amagona m'machila, gulu la amuna n'kumathamanga naye chondondoza, akuimba, akusinthana mtengo wa machilawo osaima. M'zaka zomwezo Alomwe ambiri anawoloka malire kuchokera ku Mozambique, kuthawa msonkho ndi ntchito ya kalavulagaga ya Apwitikizi, n'kudzakhazikika m'maesiteti a ku Mulanje ndi ku Thyolo. Kuno anapeza thangata ikuwadikira: kuti ukhale pamalo a mzungu unayenera kumugwirira ntchito, kawirikawiri m'nyengo ya dzinja yomwe munda wako umakufuna. Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 itabuka, amuna zikwizikwi a dziko lino anagwidwa kukasenza chakudya ndi zida za asilikali, ndipo ambiri anatsalira komweko ndi njala ndi matenda.

Koma chimene chinakweza anthu pamwamba pa phiri tsiku ndi tsiku ndi mkungudza. Mtengo umenewu mwachilengedwe umamera pa Mulanje pokha, chiswe sichiudya, ndipo fungo lake silitha ngakhale thabwa litakalamba. Boma la atsamunda linaufuna pomangira nyumba zake. Phirili linaikidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, koma kuteteza kwa nthawi imeneyo kunatanthauza kuti boma ndilo liziuza anthu wodula ndani, osati kuti kudula kuleke. Ocheka matabwa ankagona m'misasa pamwamba, akucheka ndi macheka aatali a anthu awiri, wina pamwamba pa chipika wina m'dzenje. Pambuyo pake a zankhalango anabzalanso paini ku Chambe, ndipo matabwa otsika anachuluka.

Aliyense amene anakulira m'munsi mwa phiri anawaona anthu amenewa. Munthu wasenza thabwa lotalika kumuposa kawiri, nkhata ya udzu kapena ya chiguduli pamutu, dzanja limodzi lagwira thabwa, linalo latambasuka kuti asapepeluke, mapazi osavala akusakasaka pogwira pa thanthwe lonyowa. Satsika pang'onopang'ono ayi, chifukwa thabwa likakhalitsa pamutu khosi limauma. Amatsika chothamanga, kuponda pafupipafupi, mawondo opindika, mutu uli njo osagwedera. Wokumana naye panjira amapatuka msanga, poti iye kuima sangathe. Mukadzaima cha ku Likhubula tsiku la mpikisano n'kuyang'anitsitsa otsogola akamatsika, mudzaona kuti kapondedwe kake ndi komweko. Changosowa ndi thabwa.

Nthawi yonseyi masewero analipo, koma anali ndi eni ake. Azungu a m'maesiteti anamanga makalabu awo ku Mulanje ndi ku Thyolo, a gofu ndi tenisi. Munthu wakuda ankalowamo ngati wotchetcha kapinga, woperekera zakumwa kapena wonyamula thumba la ndodo za gofu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 kunabadwa kalabu ya okwera phiri, imene lero ndi Mountain Club of Malawi, ndipo nyumba za a zankhalango za ku Chambe, Lichenya, Thuchila, Sombani ndi zina zinayamba kulandira alendo ongodzasangalala. Kwa makolo athu kukwera phiri popanda chokatenga chinali chachilendo. Phirili ndi la mizimu. Munthu ankakwera kukasaka, kukafuna mankhwala kapena kukathira nsembe, monga ankachitira pa Dziwe la Nkhalamba, ndipo nsonga ya Sapitwa, ya mamita 3,002, ankaiopa. Alendo aja anafuna wowasenzera chakudya ndi mabulangete, anafunanso wodziwa njira chiperoni chikatseka phiri moti sungaone mnzako ali patsogolo pako. Umu ndi mmene ntchito ya onyamula katundu ndi olondolera alendo inakhazikikira. M'mabuku a m'nyumba za m'phirizi mlendo amalemba dzina lake lonse ndi nsonga imene wakwera. Amene anamufikitsa kumeneko amatchulidwa dzina loyamba lokha, nthawi zina osatchulidwa n'komwe.

Mpikisano unayamba m'zaka za m'ma 1990, ndipo poyamba unali wa onyamula katundu ndi olondolera alendo okhaokha. Ine ndimaona kuti apa mpamene pali mtima wa nkhani yonseyi. Njira inali yomweyo, miyala yomweyo, koma tsiku limeneli munthu anakwera popanda chikwama cha wina kumsana, popanda kudikira bwana amene wapuma pamwala, ndipo atatsika dzina lotchulidwa pamaso pa khamu linali lake. Luso limene kwa mibadwo itatu linkawerengedwa ngati la waganyu linaoneka poyera kuti ndi luso. Ana a m'midzi ya m'munsimu anaona atate awo ndi amalume awo akuomberedwa m'manja.

Sizinatenge zaka zambiri mpikisanowu usanatsegulidwe kwa aliyense, amuna ndi akazi, a kuno ndi akunja. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, limene linakhazikitsidwa cha m'ma 2000, linakhala likuuyendetsa kwa zaka zambiri mogwirizana ndi a zankhalango, makampani n'kumathandiza ndi mphoto. Kunayamba kubwera othamanga a ku Zomba, Blantyre ndi Lilongwe, asilikali, ndi alendo a maiko akutali okhala ndi nsapato zodula ndi timabotolo ta madzi m'chiuno. Komabe potsika, pamene mlendo amagwira pansi ndi manja, mwana wa ku Mulanje wopanda nsapato kapena wovala nsapato za pulasitiki amangodutsa osacheuka. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima.

Kutsegula kumeneku kunali koyenera, ndipo sindikufuna kuti kubwezedwe. Koma pali chinthu chimene chimandivuta. Mpikisano ukadali ndi dzina la onyamula katundu, pamene wonyamula katundu weniweni, amene watsika dzana ndi chikwama cha mlendo ndipo mawa akudikira kuti dzina lake lifike pamndandanda wa ku ofesi, akuima pamzere umodzi ndi munthu amene ntchito yake ndi kuthamanga basi. Mwayi wawo si wofanana. Chaka cha 2020, matenda a Covid atatseka maulendo, anthu amenewa anakhala miyezi osaona mlendo, ndipo panalibe malipiro oti n'kuwagwiriziza. Ngati mpikisano uli wawo, mphoto yawo paokha isamasowe chaka chilichonse, ndipo ndalama yolembetsera ya munthu wa m'mudzi isamafanane ndi ya wobwera pa galimoto. Kuitana onse kukasanduka kuthamangitsa eni pakhomo, ndiye kuti tabwerera kumene tinachokera.

Amene anapindula kwambiri ndi khomo lotsegukali ndi amayi. Ntchito yonyamulira alendo inali ya amuna, ndiye mpikisano ukanakhala wa onyamula katundu okha, mkazi sakanauona. Chonsecho amayi a m'munsi mwa phiri akhala akulikwera kuyambira kale. Amalawirira tambala woyamba kukatola nkhuni, n'kutsika dzuwa lili paliwombo ndi mtolo wotalika, wolemera moti pousenza pamafunika mnzako akutukule. Atapatsidwa mpata anabwera mmene analili, ena atavala siketi, ena atamanga chitenje m'chiuno, mapazi ali pansi. Doris Fisher wapambana chigawo cha amayi kangapo, ndipo dzina lake ku Mulanje amalidziwa ngakhale ana. Tereza Master anathamanga m'njira zomwezi asanakaimirire Malawi pa mpikisano wa marathon ku Olympics ya ku Rio de Janeiro mu 2016.

Tisanamizane kuti njira ya mtsikana ndi yosalala. Mnyamata akaweruka kusukulu amatenga mpira wake wachikulunga n'kupita kubwalo mpaka mdima. Mlongo wake akuyembekezeredwa kumjigo, kuchigayo, kumphika. Akatha msinkhu n'kuvala kabudula kukathamanga m'mawa, pamakhala olankhula, ndipo olankhulawo nthawi zambiri ndi achibale. Akakwatiwa nkhani imakhala m'manja mwa bambo wa pakhomo. Atsikana ambiri aliwiro amasiyira pamenepa, osati chifukwa miyendo yatopa. Nchifukwa chake kuona mayi wa ana akulandira mphoto pamaso pa mafumu kumagwira ntchito imene misonkhano khumi singagwire. Agogo amene dzulo amati kuthamanga nkwa anyamata amayamba kufunsa kuti mdzukulu wawo akalembetse kuti.

Kwa amuna chitsanzo chodziwika ndi Edson Kumwamba, wa ku Mulanje konkuno, amene anayambira pa mpikisano womwewu. Atapita kukafuna ntchito ku South Africa anayamba kuthamanga m'mapiri a ku Cape Town, n'kutchuka pa mipikisano ya mitunda italiitali, mpaka kukafika nayo ku Ulaya. Nkhani yake imasangalatsa, komanso imaluma: anachita kutuluka m'dziko kuti liwiro lake lipeze omuthandiza.

A zachilengedwe sanaukonde mpikisanowu chifukwa cha masewero okha. Mkungudza, umene unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, unali kutha. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha yotsala m'phiri monse. Odula mozemba ndi osenza matabwa usiku si anthu ochokera kutali. Ndi anyamata a m'midzi yomweyi, amene malo olima anawathera chifukwa tiyi anatenga nthaka yabwino, ndipo ganyu ya thabwa imalipira tsiku lomwelo. Chiyembekezo chinali chakuti mnyamata akaona kuti phiri lamoyo limabweretsa alendo, ntchito yolondolera ndi mphoto, adzaliona mwina. Zathekako pang'ono, mbande zambirimbiri zabzalidwa, ndipo ena mwa obzala ndi olambula njira zotchinga moto ndi anthu a m'midzimu. Koma mphoto ya tsiku limodzi singalimbane ndi njala ya chaka chonse. Namondwe Freddy atagwetsa madzi ndi miyala pa midzi ya ku Mulanje ndi Phalombe mu March 2023, zipsera zake zinatsala zikuoneka pa phiri, ndipo anthu anamvetsa ndi misozi kuti nkhani ya phirili ndi ya moyo wawo. Mu July 2025 bungwe la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, linaika Phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, makamaka chifukwa cha miyambo ndi chikhulupiriro cha Amang'anja, Ayao ndi Alomwe okhala molizungulira. Alendo akhoza kuchuluka. Funso ndi lakuti ndalama yawo ithera m'manja mwa yani.

Pali anthu amene mpaka lero tsiku la mpikisano amangokhala oonerera. Njira ya ku Chambe siingakweredwe ndi munthu wa pa njinga ya olumala, kapena agogo, kapena mwana wa sitandade 3, ndipo palibe amene angaimbe mlandu phiri. Koma tsikulo likhoza kukula. Taonere Banda, amene ali ndi vuto la maso, anakhala Mmalawi woyamba kupikisana ku Paralympics, masewero a dziko lonse lapansi a anthu olumala, mu 2016, ndipo ana onga iye m'midzi yathu alipo, ambiri akungokhala pakhonde anzawo akamapita kubwalo. Mwana wosaona amathamanga bwinobwino akagwirana kachingwe ndi mnzake woona. Mwana wachialubino amafunika chipewa, mafuta oteteza khungu ndi kuti mpikisano wake uchitike m'mawa dzuwa lisanakwere. Zonsezi si zodula. Msewu wa tala wochokera pa Chitakale kupita ku Phalombe umadutsa pa Likhubula pomwepo, ndipo m'mamawa wa Loweruka apolisi a pamsewu akhoza kuutseka ola limodzi kuti pathamangidwe makilomita 2 kapena 5 a ana, okalamba ndi olumala, khamu likudikira otsika m'phiri. Misewu ya m'minda ya tiyi nayo ndi yotakata, yoti kalabu ya pasukulu ingamakonzekererepo sabata ndi sabata, ndipo chilolezo chake chili ndi eni maesiteti, amene othyola tiyi awo ndi makolo a ana omwewa.